Fulati yotchipa ya tchuthi mumzinda, banja la anthu asanu: tiyang'ane chiyani tisanalipire?

@MayiWaAtatu
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa za nyumba zogona alendo za masiku ochepa. Banja ndi la anthu asanu: akulu awiri, ana atatu, wa zaka 11, wa zaka 7 ndi wa miyezi 20. Ulendo ndi wa mumzinda waukulu, mausiku anayi. Mahotela akuti anthu asanu chipinda chimodzi ayi, ndipo zipinda ziwiri ndalama yake sikukwana. Ndiye maso ali pa mafulati a pa Airbnb ndi Booking.com, masamba a pa intaneti osungitsirapo malo ogona. Apezeka awiri. Yoyamba ndi yotchipa pa usiku, ili kunja kwa tawuni, zithunzi zake zokongola koma ndemanga zisanu zokha. Yachiwiri ndi yodulirako, ili pafupi ndi pakati pa mzinda, yooneka yakale, ndemanga zambirimbiri. Onse alemba kuti mumagona anthu asanu ndi mmodzi. Kodi munthu amasiyanitsa bwanji?

@Chowerengera
Mayi, choyamba iwalani mtengo wa usiku umodzi umene auika m'zilembo zikuluzikulu. Umenewo ndi nyambo chabe. Lowetsani masiku anu enieni ndi chiwerengero chenicheni cha anthu, pitirirani mpaka pa tsamba lomaliza lolipirira, koma musadinde batani lolipira. Pamenepo m'pamene zonse zimatulukira: ndalama yoyeretsera nyumba, ya eni tsamba, msonkho, ndi yowonjezera anthu akapitirira chiwerengero chimene mwininyumba anaika.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, m'ndalama za dziko lililonse. Fulati yoyamba ndi 70 pa usiku, mausiku anayi 280. Yoyeretsera 70, zakwana 350. Munthu wachisanu 10 pa usiku, ina 40, zonse 390. Yachiwiri ndi 90 pa usiku, 360, yoyeretsera 25, palibe yowonjezera, zonse 385. Imene inaoneka yotchipa ndi 20 pa usiku yadula kale musanakwere n'komwe basi.

Chimene chimapweteka ulendo waufupi ndi ndalama yoyeretsera, chifukwa siisintha kaya mwagona mausiku awiri kaya khumi. Wokhala milungu iwiri saimva. Inu a mausiku anayi imakulowani kwambiri.

@Kachikwama
Ndipo msonkho wa alendo nthawi zina suoneka n'komwe pa tsambapo. Amangolemba m'munsi kuti mudzalipira pofika. Mizinda yambiri ya ku Ulaya ili nawo, kwina amawerengera munthu aliyense usiku uliwonse, kwina amatengera mtengo wa nyumbayo. Ana aang'ono m'madera ena sawawerengera, koma zaka zake zimasiyana mzinda ndi mzinda. Funsani mwininyumba akuuzeni nambala yeniyeni ya banja lanulo.

@Wamapu
A Chowerengera ayala bwino, koma masamuwo sanathe. Onjezani mayendedwe. Tikiti itakhala 3, olipira anayi, kupita ndi kubwera kamodzi patsiku, ndi 24. Masiku anayi ndi 96. Ndipo ndi mwana wa miyezi 20 simudzayenda kamodzi kokha, chifukwa masana amafuna kugona. Fulati ikakhala pafupi, mmodzi amabwerera naye kukagonetsa, enawo n'kupitiriza kuona malo. Ikakhala kutali, nonse mumamangika: kaya mwana agonere m'kangolo kake komukankhiramo muli pamsewu, kaya tsiku lithere pa nkhomaliro.

Poyeza mtunda musakhulupirire mphindi zimene mwininyumba walemba. Tsegulani mapu pafoni, ikani dera la fulatiyo, sankhani ulendo wa basi kapena sitima kupita kumalo atatu amene mukufunitsitsa kukaona. Sinthani nthawi yonyamukira ikhale 9 koloko m'mawa, kenako yesaninso yobwerera 9 koloko usiku, komanso Lamlungu. Pali mabasi amene masana amabwera mphindi 10 zilizonse koma usiku amakhala a pa theka la ola. Za kuyenda pansi, mapu amawerengera munthu wamkulu wopanda katundu: kilomita imodzi mphindi 12 kapena kupitirirako pang'ono. Ndi mwana wa zaka 7 wotopa, werengerani mphindi 20.

@Mpatali
Ine apa nditsutsako. Anthu mumaopseza kunja kwa tawuni ngati ndi kuthengo. Chimene chimavuta si mtunda ayi, ndi kusintha sitima. Fulati imene ili mphindi zisanu kuchoka pa siteshoni, njanji yake yolunjika pakati pa mzinda osasintha, mphindi 20 mwafika, imaposa fulati ya "pakati" imene kuti mufike kulikonse muyende pansi mphindi 15 kenako mukwere basi. Kunjako zipinda zimakhala zokulirapo, usiku kumakhala bata, masitolo a zakudya ndi a anthu okhala komweko, osati a mitengo ya alendo.

Za matikiti, onani kaye malamulo a ana. Ku London ana osakwana zaka 11 amakwera sitima za pansi panthaka kwaulere akakhala ndi munthu wamkulu wolipira. Mizinda ina ili ndi tikiti ya tsiku lonse kapena ya gulu. Mukapeza zotere, 96 ya a Wamapu ija imatsika kwambiri.

@Wamapu
Nzoona achimwene, ngati njanji ndi yolunjika. Koma mayiwa sanatiuze. Komanso siteshoniyo ili ndi chikepe? Masiteshoni akale ambiri ndi a masitepe okhaokha, kangolo ka mwana muzikanyamula m'manja kukwera ndi kutsika.

@MayiWaAtatu
Ndayesa pa mapu monga mwanenera. Yakunjayo ndi basi mphindi 12, kenako sitima mphindi 25. Yachiwiriyo malo awiri mwa atatu ndi oyenda pansi.

@Mpatali
Basi kenako sitima? Pamenepo ndabweza mawu anga.

@AnaAgone
Ine ndibwerere ku mawu aja akuti mumagona anthu asanu ndi mmodzi, chifukwa apa m'pamene mabanja ambiri amagwa. Nambala imeneyo imawerengera malo aliwonse amene munthu angagonepo, si mabedi. Kawirikawiri ndi chipinda chimodzi cha bedi la awiri, sofa yotambasula pabalaza ya awiri, ndi kena kake kopinda kapena matiresi opopa. Chitani izi: werengani zipinda zogona zimene zili ndi chitseko, kenako werengani mabedi m'zithunzi, lililonse mulione ndi maso. Bedi limene lalembedwa koma silikuoneka pa chithunzi chilichonse, funsani.

Sofa yapabalaza ili ndi mavuto awiri. Loyamba, m'lifupi mwake nthawi zambiri ndi masentimita 120 mpaka 140, ndiye wa zaka 11 ndi wa zaka 7 adzakhala akumenyana mateche usiku wonse. Lachiwiri, ana akagona pabalaza 8 koloko, balaza latsekedwa. Ngati khitchini ili momwemo, akulu simungayatse getsi kapena kuwiritsa madzi. Njira yabwino ndi yotembenuza: ana kuchipinda chotseka, akulu pa sofa. Koma pamenepo sofayo ikhale yoti munthu wamkulu agonepo mausiku anayi msana osadandaula. Fufuzani mawu akuti sofa m'ndemanga, alendo amene anagonapo sabisa.

Mabedi osanjikiza: lam'mwamba si la mwana wosakwana zaka 6. Wanu wa zaka 7 akhoza, bola likhale ndi zotchinga mbali zonse. Wa miyezi 20 akufunika kabedi kakekake kokhala ndi mpanda. Eni nyumba ambiri ali nako koma amakatulutsa mukapempha pasadakhale, ena amalipiritsa. Funsaninso ngati kali ndi matiresi ake ndi nsalu yake, chifukwa kena amakabweretsa kopanda kanthu.

@Chowerengera
Pa mfundo ya mwanayo: polowetsa chiwerengero cha anthu, muikeni ngakhale ndi khanda. Pa Airbnb ana osakwana zaka ziwiri ali ndi bokosi lawolawo. Musamubise pofuna kupulumutsa ndalama. Mukafika anthu ambiri kuposa amene munalembetsa, mwininyumba ali ndi chifukwa chokukanirani pakhomo, ndipo eni tsamba adzakhala kumbali yake.

@Nsanjika4
Palibe amene wafunsa kuti mafulatiwo ali pansanjika yachingati. Nyumba zakale za pakati pa mzinda zambiri zilibe chikepe, n'chifukwa chake fulati ya m'mwamba kwambiri imatchipa. Ndipo samalani ndi kawerengedwe. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya nsanjika yapansi saiwerengera, ndiye nsanjika yachitatu ndi kukwera masitepe maulendo atatu. Ku America yapansiyo ndiyo yoyamba. Ndi masutikesi awiri, kangolo ndi mwana wogona paphewa, kusiyana kumeneku mudzakumva m'maondo.

Pakakhala chikepe funsani kukula kwake. Zina m'nyumba zakale ndi za anthu awiri oima chilili, kangolo sikalowa osakapinda. Ngati fulati ili ndi khonde la m'mwamba, kulitsani chithunzi muone zitsulo zotchingira. Mpata wa pakati pake ukapitirira masentimita 10 ndi woopsa kwa mwana wongoyamba kuyenda, ndipo zitsulo zopingasa ana amakwera nazo. Mazenera otsika amene alibe loko ndi chimodzimodzi.

@Kalondolondo
Za ndemanga. Nyenyezi zokha sizikuuzani kanthu, chifukwa alendo ambiri amapereka zinayi kapena zisanu pochita manyazi. Kuwerenga kwake n'kotere. Yambani ndi zatsopano, za miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, poti fulati imene inali yabwino zaka zitatu zapitazo mwina inasintha woiyang'anira. Kenako pitani pa zoipa kwambiri, muone ngati dandaulo ndi limodzimodzi. Munthu mmodzi akati kunali phokoso, mwina ndi wovuta yekha. Anthu atatu osadziwana akatchula phokoso la bala yapansi, bala ilipodi. Werenganinso mmene mwininyumba amayankhira odandaula. Woyankha mwaukali pagulu adzakuyankhani chimodzimodzi madzi akasiya kutuluka.

Sakani mawu awa: phokoso, fungo, chinyezi, nsikidzi, madzi otentha, makiyi, masitepe. Ndipo yang'anani ndemanga za amene anabwera ndi ana komanso za mwezi womwe inu mukupita. Wobwera nyengo yozizira sangakuuzeni kuti fulati ya pansi pa denga imaotcha nyengo yotentha.

Ndemanga zisanu si mlandu, aliyense anayamba ndi ziro. Koma zikakhala zonse za mwezi umodzi, zazifupi, zotamanda mofanana, za anthu amene sanalembepo kwina, ine sindingaikepo ana atatu.

@Kadilu
Inu nonse mukuzungulira. Njira yochepetsera mtengo ndi imodzi: lemberani mwininyumba, mutengane nambala, mugwirizane panokha. Ndalama ya eni tsamba ija mugawane. Iye apindula, inu mwapindula.

@Tcheru
Ayi a Kadilu, musawaphunzitse zimenezo. Kuba kwa mtundu uwu kumayambira pomwepo. Munthu amatenga zithunzi za nyumba ya eni ake, n'kuika mtengo wotsika, n'kukuuzani kuti tsamba likuvuta kapena kuti akuchotserani mukatumiza kubanki. Mukatumiza, ndalama yapita, ndipo pa adiresipo mukapeza anthu ena amene sakumudziwa. Ngakhale mwininyumba atakhala weniweni, mukalipira kunja mwataya chitetezo chonse: akasintha maganizo kutatsala masiku awiri, palibe wokubwezerani kapena wokupezerani kwina.

Zizindikiro zake sizisintha. Mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi mafulati ena a msewu womwewo. Kukufulumizitsani kuti pali wina akuifuna lero. Kukupemphani kuti mukambirane pa WhatsApp. Ndipo samalani ndi uthenga umene umabwera mutasungitsa kale malo, wonena kuti khadi lanu lakanidwa, dinani apa mulowetsenso manambala apo ayi malo anu achotsedwa. Uthenga wotere ukhoza kufika ngakhale m'bokosi lenileni la pa tsambalo, akuba akathyola akaunti ya mwininyumba. Musadine. Tsegulani nokha pulogalamuyo muone ngati pali ngongole, kapena imbani kwa eni tsamba.

Kuyesa zithunzi n'kosavuta: koperani chimodzi, chiikeni pa Google Lens, pulogalamu yosaka kumene chithunzi chikupezekanso pa intaneti. Chikatuluka pa nyumba ya mzinda wina kapena pa tsamba logulitsa nyumba, thawani.

@Kadilu
Koma makampani enieni oyang'anira mafulati ali ndi masamba awoawo, ndipo kumeneko kumatchipadi. Nawonso ndi akuba?

@Tcheru
Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndikuvomera. Kampani yolembetsedwa, ya adiresi ndi ofesi, imene imalandira kirediti kadi pa tsamba lake n'kukupatsani mgwirizano wolembedwa, mukhoza kusungitsa mwachindunji. Kusiyana kuli pa njira yolipirira. Ndi khadi, banki ikhoza kukuthandizani kutsata ndalama ngati simunalandire chimene munalipira. Ndalama yotumiza ku akaunti ya munthu imavuta kubweza.

@Tchuthi_Ndi_Tchuthi
Ine chimene sindimvetsa ndi ichi: munthu uchoke kwanu, ulipire ulendo, ukafike uko n'kuyambanso kutsuka mbale? Mayi, dzimvereni chisoni.

@AnaAgone
Haha, ndani wanena kuti otsuka ndi mayi? Pali wamkulu wina ndi mwana wa zaka 11 pamenepo.

@Chowerengera
Koma funsolo lili ndi mfundo. Ambiri amalipirira khitchini yathunthu n'kungowiritsamo madzi. Kupulumutsa kwenikweni kuli pa chakudya cham'mawa ndi chamadzulo chosavuta, komanso zonyamula za masana ndi madzi akumwa. Pa zimenezo mukufunika firiji, ketulo, chitofu cha mbale ziwiri, poto mmodzi wamkulu, chiwaya, mpeni wakuthwa, ndi mbale, makapu ndi masipuni okwana anthu asanu. Uvuni simukuufuna. Onani pa chithunzi ngati firiji ndi yeniyeni kapena kakang'ono ka pansi pa tebulo kaja, kamene mukaikamo mkaka ndi zakumwa kadzaza. Onaninso mipando: tebulo la mipando iwiri m'fulati ya anthu asanu ndi mmodzi likukuuzani zoona zake za nyumbayo.

Ndipo musagule katundu wambiri tsiku lofika. Yang'anani kaye m'makabati, mchere, mafuta ndi sopo wa mbale nthawi zambiri zimakhalamo. Mausiku anayi zotsala mudzazisiya.

@Kachikwama
Makina ochapira ndiwo amapulumutsa ndalama kuposa chitofu, ngati mukupita pa ndege yolipiritsa sutikesi iliyonse. Kuchapa kamodzi pakati pa ulendo ndiye kuti zovala munyamula theka.

@Nsanjika4
Bola pakhale poyanika. Makina ambiri ndi ochapa okha, ndipo m'fulati yopanda khonde nyengo yozizira buluku la jinzi siliuma tsiku limodzi.

@Mapulagi
Popeza mwatchula zonyamula, musaiwale adaputa. Britain ili ndi pulagi ya mano atatu, mayiko ambiri a ku Ulaya ya mano awiri ozungulira, America ya mano aphanthi ndipo magetsi ake ndi a mavoti 120 pomwe Ulaya ndi 230. Machaja a foni ambiri amalandira zonse, zalembedwa pa chajapo, koma choumitsira tsitsi ayi. Adaputa imodzi ndi ekisitenshoni ya mabowo anayi zikwanira banja lonse.

@Wamapu
Tafika ku mapulagi tsopano? Tibwerere ku mafulati a mayiwa, abale.

@ZaMalamulo
Pali chinthu chimene alendo ambiri sachiganizira: kodi fulatiyo ndi yololedwa kulandira alendo? Mizinda yambiri inakhwimitsa malamulo chifukwa nyumba za anthu okhala mumzinda zikuchepa. Ku London nyumba yonse siyenera kubwerekedwa kwa alendo a masiku ochepa kupitirira mausiku 90 pachaka popanda chilolezo chapadera. Ku New York, kuyambira September 2023, wobwereketsa kwa masiku osakwana 30 ayenera kulembetsa ku mzinda, akhale momwemo, ndipo alendo asapitirire awiri. Ndiye banja la anthu asanu likaona fulati yonse ya mausiku anayi kumeneko, lifunse kawiri. Barcelona inalengeza mu 2024 kuti ziphaso za mafulati a alendo zidzatha mu 2028. Ku Japan lamulo latsopano litayamba mu June 2018, nyumba zambiri zopanda chiphaso zinachotsedwa pa Airbnb ndipo alendo amene anali atasungitsa kale malo anauzidwa kuti asake kwina.

Inu mlendo nthawi zambiri si amene mumalipitsidwa chindapusa. Tsoka lanu ndi lakuti fulati ikatsekedwa ulendo uli pafupi, ndalama akubwezerani, koma mukasaka ina pamtengo wa mphindi yomaliza. M'mizinda yofuna chiphaso, nambala yake imalembedwa pa tsamba la fulatiyo. Ikasowa, kapena mwininyumba akakuuzani kuti aneba akafunsa muziti ndinu abale ake, mwadziwa kale.

Akakupemphani zitupa za aliyense musadabwe. M'mayiko monga Italy ndi Spain lamulo limafuna kuti eni malo ogona apereke mayina a alendo kuboma.

@Pulambala
Ndiwonjezere za madzi otentha, poti anthu asanu si masewera. Mukaona thanki yoyera yopachikidwa pakhoma la bafa kapena khitchini, madzi otentha ndi owerengeka. Thanki ya malita 80 yotenthetsa mpaka madigiri 60, mukasakaniza ndi ozizira, imapereka madzi ofunda pafupifupi malita 130 mpaka 140. Shawa imatulutsa malita 8 mpaka 10 pa mphindi. Ndiye anthu atatu a mphindi zisanu aliyense, yatha, ndipo kuti itenthenso pamafunika maola awiri kapena kuposerapo. Si chifukwa chokanira fulati, kungogawana: ana madzulo, akulu m'mawa. Koma thanki ya malita 30 kapena 50 kwa anthu asanu ndi mavuto.

Ngati madzi kapena nyumba zimatenthetsedwa ndi gasi, funsani ngati muli alamu ya carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu, umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Pa Airbnb amaonetsa ngati mwininyumba wanena kuti alamu ya utsi ndi ya mpweyawu zilipo. Ikasowa, pali kaalamu ka mabatire kokwana m'thumba la chikwama. Funsaninso ngati magetsi, chotenthetsera ndi choziziritsira zili mumtengo, chifukwa ena amawerenga mita potuluka.

@Kalondolondo
Safunsa anadya phula. Mafunso onsewa aikeni mu uthenga umodzi, pa tsamba pomwepo, musanalipire, kwa eni nyumba onse awiri. Yankho lolembedwa ndi umboni wanu. Komanso liwiro ndi mtundu wa yankho ndi mayeso paokha. Woyankha funso lililonse ndi nambala ndi munthu wodziwa nyumba yake. Wongoti zonse zili bwino musadere nkhawa, ndiye wodetsa nkhawayo.

@Chowerengera
Chinanso ndi malamulo obwezera ndalama mukalephera ulendo. Mtengo wotsikitsitsa kawirikawiri ndi wosabweza kanthu. Ndi ana atatu, mwayi woti wina adwale sabata ya ulendo si waung'ono. Ngati kusiyana kwa mtengo wobweza ndi wosabweza ndi kochepa, tengani wobweza, ndipo lembani tsiku ndi ola lomaliza lothetsera, poti nthawi zambiri amatsata nthawi ya kumene kuli fulatiyo. Dipoziti ya zowonongeka mufunse kuti ndi zingati, amaigwira pa khadi kapena amafuna ndalama m'manja, ndipo imabwerera patatha masiku angati. Yogwira pa khadi imachepetsa ndalama yoti mugwiritse ntchito pa ulendowo ngakhale sanaichotse.

@MayiWaAtatu
Zikomo kwambiri nonse. Onse awiri ayankha. Wakunja uja akuti chipinda chogona ndi chimodzi, sofa imodzi ndi matiresi opopa, kabedi ka mwana alibe, za chiphaso sanayankhe. Zonse pamodzi ndi mayendedwe yaposa inayo. Wachiwiri akuti zipinda zotseka ziwiri, mabedi awiri a mmodzimmodzi kwa ana, kabedi ka mwana kalipo kwaulere, nambala ya chiphaso ili pa tsamba, thanki ya malita 80. Koma ili pansanjika yachiwiri popanda chikepe, kulowa ndi 3 koloko masana pomwe ife tifika 10 koloko m'mawa, ndipo ndemanga ziwiri zatchula phokoso la msewu.

@Nsanjika4
Nsanjika yachiwiri n'zotheka. Funsani ngati pansi pa masitepe pali malo ololedwa kusiyapo kangolo, kuti musamakakweze nthawi zonse.

@Wamapu
Phokosolo lifufuzeni pa Street View, zithunzi za misewu za pa mapu a Google. Yendani msewu wonsewo muone zimene zili pansi pa nyumbayo ndi moyang'anana nayo. Masitolo ndi mabasi ndi phokoso lotha usiku ukakula. Bala, kalabu kapena njanji ya thiramu (sitima yoyenda mumsewu) pakhota ndi lina. Kenako funsani kuti zipinda zogona zayang'ana kumsewu kapena kuseri. M'nyumba zambiri balaza ndilo limayang'ana kumsewu, ndipo odandaulawo mwina anagona pa sofa.

@Kachikwama
Za maola asanu apakatiwo: pemphani kusiya zikwama m'mawa pamene oyeretsa ali mkati, ambiri amalola. Akakana, masiteshoni akuluakulu ena ali ndi malo osungira katundu olipira, onani kukula kwa mabokosi ake ndi nthawi yotsekera. Tsiku lotuluka n'chimodzimodzi, kutuluka kumakhala 10 kapena 11 koloko. Funsaninso katengedwe ka makiyi: ngati ndi kabokosi ka manambala, kali pakhomo pomwepo kapena ku ofesi ina kutali, ndipo malangizowo muwajambule pafoni musananyamuke, poti pofika mwina simudzakhala ndi intaneti. Pemphani makiyi awiri, kuti wobwerera ndi mwana masana asatsekere anzake kunja.

@Tcheru
Ndipo mukalowa, zikwama zisanatsegulidwe, tengani mphindi khumi. Jambulani vidiyo ya zipinda zonse, makamaka zimene zinawonongeka kale: banga la pa sofa, galasi long'aluka, chitseko cha kabati cholendewera. Tukulani nsalu pa ngodya za matiresi, muone m'misoko ngati muli timadontho takuda kapena nsikidzi zenizeni. Tsegulani madzi otentha, gwejemulani chimbudzi, yesani chitofu ndi loko wa chitseko. Makamera a m'kati mwa nyumba Airbnb inawaletsa kotheratu mu 2024, ndiye mukaona ina ndi nkhani yokanena nthawi yomweyo. Vuto lililonse lilembeni kwa mwininyumba pa tsamba pomwepo ndi zithunzi, tsiku lomwelo. Pa Airbnb malire odziwitsira vuto ndi maola 72 kuchokera pamene mwaliona, ndipo dandaulo lobwera mutatuluka kale silipita patali.

@AnaAgone
Pa mphindi khumi zomwezo, wina agwade ayang'ane nyumbayo pamsinkhu wa mwana wa miyezi 20. Mankhwala otsukira a pansi pa sinki akwere pamwamba, zokongoletsa zagalasi zilowe m'kabati mpaka tsiku lotuluka, zingwe za makatani zimangidwe m'mwamba. Jambulani mmene zinalili kuti mudzazibwezere m'malo.

@MayiWaAtatu
Ayankha kuti zipinda zogona zonse zayang'ana kuseri, zikwama tikhoza kusiya kuyambira 11 koloko, ndipo kangolo kamakhala pansi pa masitepe. Ndatenga yachiwiriyo, pamtengo wobweza ndalama mpaka kutatsala masiku asanu.

@Chowerengera
Jambulani tsamba lonse la fulatiyo lero, zithunzi, mndandanda wa zimene zilimo, mtengo wonse ndi malamulo obwezera. Mwininyumba akhoza kusintha zolembazo nthawi iliyonse, ndipo pakabuka mkangano chimene mudzaonetse ndi zimene zinalembedwa tsiku limene munalipira.